Mlandu wa Singh v. Berger: ndevu, nduwira ndi yunifolomu ya asilikali a Marine ku America

Pa 23 Disembala 2022, khoti la apilo la boma la America lomwe limakhala mumzinda wa Washington linagamula kuti gulu la asilikali la Marine Corps lisaumirize anyamata awiri achipembedzo cha Chisikhi kumeta tsitsi ndi ndevu kapena kuvula nduwira pofuna kulowa maphunziro oyamba a usilikali. Chigamulocho chinalembedwa ndi Jaji Patricia Millett, ndipo anzake awiri amene anamva nawo apiloyo, Neomi Rao ndi J. Michelle Childs, anavomerezana naye. Sindinaimire mbali iliyonse pamlanduwu. Ndauwerenga monga loya amene amakumana ndi madandaulo a ufulu wa chipembedzo, ndipo chimene ndikufuna kuonetsa m'lipotili ndi chakuti asilikaliwo sanagonje chifukwa choti oweruza anapeputsa mwambo wausilikali, koma anagwa ndi malamulo awo omwe, amene anali kale ndi zipata zambiri zotsegulira anthu ena pazifukwa zosakhudza chipembedzo.

Odandaula ndi pempho lawo

Anyamata atatu, Jaskirat Singh, Milaap Singh Chahal ndi Aekash Singh, anafuna kulowa gulu la Marine, ndipo panalibe wokayika kuti anali oyenera ntchitoyo. M'chaka cha 2021 anapempha chilolezo choti achite maphunziro ali ndi zizindikiro za chipembedzo chawo. Zizindikirozi zinakhazikika m'chaka cha 1699, pamene Guru Gobind Singh anayambitsa gulu la Khalsa ku Anandpur, m'chigawo cha Punjab, ndipo zilipo zisanu: kesh, lomwe ndi tsitsi losameta, kuphatikizapo ndevu, kangha, kachipeso kamtengo, kara, chibangili chachitsulo, kachera, kabudula wam'kati, ndi kirpan, kalupanga kakang'ono. Nduwira, imene iwo amati dastar, ndiyo imafunditsa tsitsilo. M'mawa uliwonse Msikhi amapesa tsitsi lake, n'kulimanga mfundo pamwamba pa mutu, kenaka n'kuzunguliza nsalu yaitali mamita angapo, kuipinda mwaluso mpaka itakhala bwino pamphumi. Pamasewera kapena pansi pa chisoti cholimba amamanga kansalu kakang'ono kothina kotchedwa patka. Kwa munthu wotere, kumeta si nkhani ya maonekedwe yoti tsitsi lidzameranso. Ndi kuswa pangano limene anachita ndi Mulungu wake.

Akuluakulu a Marine anayankha kuti anyamatawo adzaloledwa kusunga ndevu ndi kuvala nduwira akadzamaliza maphunziro, ngakhale kuti chilolezocho chinali ndi malire ake, koma m'masabata 13 a maphunziro oyamba ayenera kumeta ndi kuvula zonse monga wina aliyense. Maphunzirowa amachitikira ku Parris Island m'boma la South Carolina ndi ku San Diego m'boma la California. Ophunzira akangotsika basi amaimikidwa pa zizindikiro za mapazi zopakidwa penti yachikasu pansi, ndipo posakhalitsa amuna onse amakhala pampando wa ometa, makina n'kudutsa pamutu kangapo, tsitsi lonse lili pansi. Chilolezo chodzabwera patatha masabata 13 sichikanathandiza kanthu munthu amene chikhulupiriro chake chikanaphwanyidwa usiku woyamba womwewo.

Mu Epulo 2022 anyamatawo anakasuma kukhoti, pamodzi ndi Kaputeni Sukhbir Singh Toor, yemwe anali kale ofisala wa Marine ndipo dandaulo lake linali pa malire a chilolezo chimene anapatsidwa mu 2021. Wosumiridwa woyamba anali Jenerali David Berger, mkulu wa gululo. Mabungwe a Sikh Coalition ndi Becket anali m'gulu la owaimira. Anyamata atatuwo anapempha chiletso chakanthawi kuti ayambe maphunziro mlandu waukulu usanathe.

Lamulo limene khoti linatsata

Kuti timvetse chigamulochi tiyenera kubwerera m'chaka cha 1986, pa mlandu wa Goldman v. Weinberger. Simcha Goldman, Myuda wogwira ntchito m'gulu la asilikali a ndege, analetsedwa kuvala kachipewa kachipembedzo ali mu yunifolomu. Khoti lalikulu kwambiri la America linaikira kumbuyo asilikali, oweruza asanu kutsutsana ndi anayi, ponena kuti makhoti ayenera kulemekeza kwambiri nzeru za akuluakulu a usilikali pa zimene zimamanga mwambo ndi umodzi. Chaka chotsatira, mu 1987, Nyumba ya Malamulo ya Congress inakhazikitsa lamulo lolola msilikali kuvala chovala chachipembedzo malinga chikhale chaudongo, chosadzionetsera, ndiponso chosasokoneza ntchito. Lamulolo linakamba za zovala, ndipo silinathetse nkhani ya tsitsi ndi ndevu.

Chimene chinasintha zinthu ndi lamulo la mu 1993 lotchedwa Religious Freedom Restoration Act, lomwe mwachidule amati RFRA. Lamuloli limati ngati boma lasenzetsa munthu mtolo waukulu pa chipembedzo chake, udindo uli pa bomalo kuonetsa zinthu ziwiri: kuti pali chifukwa chachikulu chokakamiza, ndiponso kuti palibe njira ina yopepukirapo yokwaniritsira cholingacho. Mu 2006, pa mlandu wa Gonzales v. O Centro, khoti lalikulu linaonjeza kuti boma lisamangotchula cholinga chake mwachisawawa, koma lionetse kuti kumulola munthu ameneyu, wodandaulayu, kuwononga cholingacho motani. Mu 2015, pa mlandu wa Holt v. Hobbs, umene unagamulidwa pansi pa lamulo lina lofanana nalo lokhudza akaidi, mkaidi wachisilamu wa ku Arkansas analoledwa kusunga ndevu zotalika theka la inchi, ndipo chimodzi mwa zimene zinagwetsa akuluakulu a ndende chinali choti iwo ankalola kale ndevu zazifupiko kwa akaidi odwala matenda a pakhungu.

Gulu la asilikali apamtunda, la Army, linali litadutsa kale njira yomweyi. Mu 1981 linasiya kulola Asikhi olowa kumene kusunga tsitsi ndi nduwira. Mu 2009 linayamba kupereka zilolezo kwa munthu payekhapayekha, kuyambira ndi dokotala Kamaljeet Singh Kalsi ndi dokotala wa mano Tejdeep Singh Rattan, kenaka Simran Preet Singh Lamba mu 2010. Mu Juni 2015 Jaji Amy Berman Jackson anagamula mokomera Iknoor Singh, wophunzira wa pa Hofstra University amene ankafuna kulowa maphunziro a uofisala. Mu 2016 panabwera nkhani ya Kaputeni Simratpal Singh, amene anameta tsitsi polowa sukulu ya usilikali ya West Point, n'kukagwira ntchito ku Afghanistan komwe analandira mendulo ya Bronze Star, kenaka n'kufuna kubwerera ku mwambo wa chipembedzo chake. Akuluakulu anamulamula kuti akayesedwe mwapadera ngati chisoti ndi masiki yoteteza ku mpweya wapoizoni zikumukwana bwino, mayeso amene asilikali ena osunga ndevu pazifukwa zachipatala sankachita. Jaji Beryl Howell analetsa mayesowo mu Malichi 2016. Mu Januwale 2017 gulu la Army linatulutsa lamulo latsopano lolola nduwira, ndevu ndi hijabu, ndipo mphamvu yovomereza inatsitsidwa kufika kwa olamulira a pamlingo wa brigedi. Pofika 2022, gulu la Marine ndilo linatsala likukanabe pa maphunziro oyamba.

Mfundo za asilikali

Ndi bwino kuzimva mfundo za Marine mwachilungamo, chifukwa sizinali zopanda pake. Iwo sanatsutse kuti anyamatawo amakhulupiriradi zimene amanena, ndipo sanatsutse kuti kuwameta ndi mtolo waukulu. Anaima pa mfundo yakuti maphunziro oyamba ndi nthawi yosula munthu watsopano. Mnyamata amabwera ndi zake, kavalidwe kake, kametedwe kake, kunyada kwake, ndipo zonsezo amavulidwa kuti aphunzire kudziona ngati chiwalo cha gulu, wokonzeka kumvera lamulo mosazengereza ndi kufera mnzake. Anati gulu lawo ndi lotumidwa msanga kumalo oopsa, ndipo mtima umenewo umabadwa pamene onse akuoneka chimodzimodzi ndi kuvutika chimodzimodzi. Aliyense amene anaonapo asilikali akuguba pa perete akudziwa kuti kufanana kwa maonekedwe kuli ndi mphamvu yake, ndipo khoti lililonse limachita mantha kuphunzitsa jenerali kasulidwe ka msilikali.

Mantha amenewo ndiwo anapambana pakhoti loyamba. Mu Ogasiti 2022 Jaji Richard Leon anakana kupereka chiletso, poona kuti kusokoneza dongosolo la maphunziro a Marine kungakhudze chitetezo cha dziko, ndipo zofuna za anthu onse zinalemera kuposa pempho la odandaula. Anyamatawo anachita apilo.

Chigamulo cha apilo

Khoti la apilo silinakane kuti umodzi wa asilikali ndi cholinga chachikulu. Linafunsa funso limene RFRA imafunsa: kodi kumeta anyamata awa kukuthandiza cholingacho motani, ndipo kodi njira zina zinayesedwa? Apa ndi pamene malamulo a Marine anasanduka umboni wowatsutsa eni ake.

Poyamba panali nkhani ya ndevu zachipatala. Pali vuto la pakhungu limene limagwira makamaka amuna akuda: munthu akameta ndi lezala, tsitsi lopotana limabwerera n'kulasa khungu, pakhosi ndi pachibwano n'kutuluka tizilonda topweteka. Ophunzira odwala vutoli ankaloledwa kusameta ndi lezala ngakhale m'kati mwa maphunziro omwewo. Choncho pamzere womwewo, m'masabata 13 omwewo, pankaima kale anthu a ndevu, ndipo panalibe umboni woti umodzi wa gulu unagwedezeka. Akazi ophunzira usilikali sankametedwa mpala. Ankasunga tsitsi lawo n'kulimanga motsatira malamulo. Zojambulajambula zodinda pathupi zinkaloledwa m'mbali zambiri za thupi, chonsecho palibe chinthu choonetsa umwini wa munthu kuposa chithunzi chimene wasankha yekha kudinda pamkono. Khotilo linaonanso kuti magulu ena a asilikali a dzikolo amalola zizindikiro zachisikhi pa maphunziro oyamba, ndiponso kuti gulu la Marine lomwelo linavomera kuzilola maphunziro akangotha, osafotokoza mokhutiritsa kuti n'chifukwa chiyani ndevu zoopsa pa sabata la 13 zikhala zabwinobwino pa sabata la 14.

Zikatere, boma limatsala ndi ntchito yolongosola chifukwa chimene chipata chotsegulidwa pa matenda kapena pofuna kukopa anthu ambiri olowa usilikali chikutsekedwa pa chipembedzo chokha. Akuluakulu a Marine anabweretsa mawu a maofisala otsimikiza kuti kufanana n'kofunika, koma sanabweretse umboni wolumikiza mawuwo ndi anyamata awa, ndipo sanaonetse kuti analingalirapo njira zopepuka, monga kumanga ndevu mwaudongo kapena kuvala patka ya mtundu wa yunifolomu. Khotilo linapeza kuti odandaula ali ndi mwayi waukulu wopambana mlandu, kuti tsiku lililonse limene akukhala panja chifukwa cha chikhulupiriro chawo ndi kuvulala kosabwezeka ndi ndalama, ndipo linalamula kuti Jaskirat Singh ndi Milaap Singh Chahal apatsidwe chiletso. Nkhani ya Aekash Singh inabwezedwa kukhoti loyamba kuti likaunikenso, popeza dongosolo lake lolowera usilikali linali losiyana ndi la anzakewo.

Mmene ndikuuonera mlanduwu

Ndikugwirizana ndi chigamulochi, ndipo chifukwa changa chachikulu ndi chakuti chinasiyanitsa kulemekeza akuluakulu a usilikali ndi kungowakhulupirira pa chilichonse. Jenerali akanena kuti mfuti iyi ndi yabwino kuposa iyo, woweruza alibe chonena. Koma jenerali akanena kuti ndevu zimapha umodzi pamene iye mwini walola ndevu kwa ena ambiri, woweruza safunika kukhala katswiri wa nkhondo kuti aone kusagwirizanako. Akungowerenga mapepala amene aikidwa patsogolo pake, yomwe ndi ntchito yake ya tsiku ndi tsiku. Lamulo lakuti aliyense amete limaoneka losakondera, koma kulemera kwake kumasiyana: kwa mnyamata wina ndi mphindi imodzi pampando wa ometa, kwa Msikhi ndi kusankha pakati pa dziko lake ndi chipembedzo chake. Linalembedwa poganizira anthu amene chipembedzo chawo sichifuna chizindikiro chooneka pamutu, ndipo n'chifukwa chake iwowo saliona ngati mtolo.

Mbiri nayo siikira kumbuyo maganizo oti nduwira imafooketsa msilikali. M'gulu la asilikali a Britain ku India, Asikhi ankalimbikitsidwa ndi maofisala awo kusunga zizindikiro zonse zisanu. Pa 12 Seputembala 1897, ku Saragarhi, dera lomwe lero lili m'dziko la Pakistan, asilikali 21 achisikhi anamenya nkhondo mpaka onse kutha osathawa pamalo awo. Bhagat Singh Thind analowa usilikali wa America pa nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse ali ndi nduwira yake. Ngakhale kuno kwathu mbiriyi inatikhudza: mu 1891 Harry Johnston anabweretsa asilikali ochokera ku India, ambiri mwa iwo Asikhi, pansi pa Kaputeni Cecil Maguire, ndipo gulu limene linakula kuchokera pamenepo ndi limodzi mwa magwero a King's African Rifles. Nkhondo zimene anamenya zinali zokhazikitsa utsamunda, ndipo sindikuzitchula mozitamanda. Ndikungoti olamulira a nthawiyo, omwe anali okhwima pa mwambo, sanaone nduwira ngati chopinga. Masiku ano Asikhi amagwira ntchito ndi nduwira m'magulu a asilikali a India, Britain ndi Canada, ndipo mu 2012 Jatinderpal Singh Bhullar wa gulu la Scots Guards analondera nyumba yachifumu ya Buckingham atavala nduwira m'malo mwa chipewa chachitali chaubweya.

Pali mfundo imodzi imene sindingaipeputse, ndiyo ya masiki yoteteza ku mpweya wapoizoni. Masikiyi imagwira ntchito pokhapokha mphira wa m'mphepete mwake utamatirira khungu kuzungulira nkhope yonse, kuyambira pamphumi, kutsika m'masaya, mpaka pansi pa chibwano. Msilikali akaivala amatseka polowera mpweya ndi chikhatho n'kukoka mpweya. Ngati masiki yamatirira kunkhope n'kukhala choncho, ndiye kuti yagwira, koma ngati mpweya ukulowera m'mbali, moyo wake uli pachiswe, ndipo anzake adzayenera kumunyamula pakati pa nkhondo. Tsitsi lokhala pakati pa mphira ndi khungu likhoza kusiya mpata wotere. Ili ndi vuto lenileni, loyezeka ndi makina, losiyana kotheratu ndi nkhani ya kaonekedwe pa perete. Koma chifukwa choti ndi loyezeka, lili ndi mayankho opepuka kuposa kukana munthu pakhomo: msilikali akhoza kuyesedwa monga anzake onse, pali zophimba mutu wonse zimene sizidalira kumatirira kumasaya, ndipo lamulo la Army la mu 2017 linasunga mphamvu ya olamulira yoti ndevu zimetedwe pakakhala chiopsezo chenicheni cha zida za poizoni. Harjit Sajjan, Msikhi amene anagwira ntchito ya usilikali ku Afghanistan n'kudzakhala nduna ya zachitetezo ya Canada mu 2015, anapanga yekha chovala chothandiza kuti masiki igwire pankhope ya ndevu. Pa apilo ya Singh v. Berger, gulu la Marine silinatsamire pa chitetezo cha mtundu umenewu pokana anyamatawo m'maphunziro oyamba. Linatsamira pa kufanana, ndipo kufananako ndi kumene kunalibe.

Kwa loya amene angakumane ndi dandaulo lofanana, ntchito yaikulu ili m'mafailo a mbali inayo. Musanayambe kulankhula za kukoma kwa ufulu wa chipembedzo, funsani mndandanda wa onse amene analoledwapo kupatuka pa lamulolo, pa zifukwa ziti, kangati, ndipo chinaonongeka n'chiyani. Ku Malawi tilibe RFRA, koma gawo 33 la malamulo oyendetsera dziko limateteza ufulu wa chikumbumtima ndi chipembedzo, ndipo gawo 44 limafuna kuti kuchepetsa ufulu kukhale koyenera ndi kofunikadi m'dziko la demokalase. Mu Meyi 2023 Jaji Zione Ntaba, pakhoti lalikulu ku Zomba, anagamula kuti ana achirasta asakanizidwe sukulu za boma chifukwa cha tsitsi lawo. Sukulu si kampu ya asilikali, ndipo khoti lingapereke mpata wokulirapo kwa olamulira asilikali, koma funso lofunsa boma ndi lomwelo.

Zimene zinatsatira

Mu Ogasiti 2023 Jaskirat Singh anamaliza maphunziro ake ku San Diego ali ndi ndevu ndi nduwira. Komabe tiyenera kukumbukira kukula kwenikweni kwa chigamulochi. Chinali chiletso chakanthawi, chokhudza anthu otchulidwa maina ndi maphunziro oyamba okha. Sichinasinthe lamulo la yunifolomu kwa onse, ndipo sichinathetse dandaulo la Kaputeni Toor lokhudza kusunga ndevu potumizidwa kumadera a nkhondo, komwe mfundo ya masiki ili ndi mphamvu zambiri.

Pa 30 Seputembala 2025, nduna yoyang'anira asilikali, Pete Hegseth, polankhula kwa majenerali ndi akuluakulu ena a asilikali ku Quantico m'boma la Virginia, inadzudzula poyera kuchuluka kwa ndevu pakati pa asilikali, ndipo kalata imene inatuluka nthawi yomweyo inalamula kuti zilolezo za ndevu zibwerere ku mmene zinalili chisanafike chaka cha 2010. Bungwe la Sikh Coalition linatsutsa zimenezi. Mwa malamulo, kalata ya nduna singafafanize RFRA, ndipo Msikhi aliyense wokanidwa akhoza kupitanso kukhoti atanyamula chigamulo cha Jaji Millett. Koma pali chinthu chimene chikundidetsa nkhawa monga loya: unduna womwewo unakhwimitsanso zilolezo za ndevu zachipatala. Ngati zipata zotsegulira ena zitsekedwa, umboni umene unapambanitsa anyamata aja uchepa mphamvu, ndipo mlandu wotsatira udzafuna kuti odandaula aonetse, kuchokera pa zaka zonse zimene Asikhi agwira ntchito ndi ndevu m'gulu la Army kuyambira 2009, kuti palibe ntchito ya usilikali imene inalephereka chifukwa cha iwo.